Fomu ya Mabokosi Anayi

Ana anga, mwakhala mukundikakamiza kuti ndilembe za ntchito yanga ndisanayambe kuiwala mayina a anthu. Ndavomera. Za ubwana wanga ndidumpha, chifukwa mulibemo chimene mungaphunzire kupatula kuba nzimbe ndi kujomba kusukulu tsiku la msika. Ndiyambira pamene anandipatsa njinga yakapalasa ndi chikwama cha mafomu. Kwa zaka makumi atatu ndi chimodzi ndinali munthu wouza anzanga ngati ndi olumala kapena ayi, ndipo pa ntchito imeneyi pali nkhani imodzi imene ngakhale malemu mayi anu sindinawauze.

1989, Limbuli

Ntchito ndinayambira ku Limbuli m'mwezi wa Juni, chiperoni chili mkati. Pa kalata yanga panalembedwa udindo wa dzina lalitali la Chingerezi limene ngakhale ine mwini ndinkalitchula mopunthwa, choncho anthu anangonditcha alangizi a olumala, ena mwaulesi ankangoti a olumala, ngati wolumalayo ndine. Ofesi inali kachipinda kuseri kwa chigayo. Munali tebulo, mpando umodzi ndi benchi, ndipo chigayo chikalira ufa unkalowa pa zenera n'kumatera pa mapepala ndi m'tsitsi, moti pofika madzulo ndinkatuluka ndili mbuu ngati wogaya ndine. Nthawi imeneyo nkhondo inali isanathe kutsidya kwa mtsinje wa Muloza. Anthu ankawoloka ndi mitolo pamutu, ambiri a iwo abale athu enieni, olankhula Chilomwe chomwe agogo anga ankandikalipira nacho, ndipo pakati pawo panali oduka miyendo ndi mabomba okwirira. Ntchito inali yambiri, zipangizo ndiye kunalibe. Ndodo zoyendera zinkabwera zowerengeka pamene ozifuna anali pamzere, mpaka ndinaphunzira kwa kalipentala wina kusema za bulugama n'kukhomera kachidutswa ka tayala kunsi kwake kuti zisamaterereke m'matope. Mafomu akatha ndinkalemba mizere ndi rula m'kope la ana asukulu.

Bwana wanga anali a Chikopa, amene ankakhala ku Boma n'kumatiyendera pa njinga yamoto. Anali munthu wamfupi, wa malaya osita bwino, wosamwa mowa, wosaseka pa ntchito. Musaganize kuti anali munthu woipa. Ankadana ndi bodza basi, ndipo anali ndi chifukwa chake, popeza chaka chapitacho mlangizi wa dera lina anali atachotsedwa ntchito atapezeka kuti analemba alamu ake onse ngati opuwala kuti alandire mabulangete. Ndi iwo anandiphunzitsa fomu. Inali tsamba limodzi lokha, ndipo kumunsi kwake kunali mabokosi anayi: wakhungu, wogontha kapena wosalankhula, wopuwala manja kapena miyendo, ndi wosokonezeka mutu. Munthu aliyense wobwera kwa ine ankayenera kulowa m'bokosi limodzi mwa amenewa, akapanda kulowa ndiye kuti ndi walunga, abwerere kwawo. Kayezedwe kake kanalinso kosavuta. Munthu ayende kuchokera pakhomo kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera. Anyamule njerwa ndi dzanja lililonse. Awerenge zala zanga nditaima patali. Ndiwombe m'manja kumbuyo kwake ndione ngati atembenuke. Pomaliza ndimufunse dzina lake, dzina la mudzi wake ndi tsiku la msika, pofuna kuona ngati mutu ukugwira.

“A Muhiwa,” anatero a Chikopa atandionetsa zonsezi, “inu si dokotala, si m'busanso. Muzilemba chimene diso lanu laona. Chimene simunachione kulibe.”

Mawu amenewa ndinawakonda, sindinama. Mnyamata wa zaka makumi awiri ndi zinayi amasangalala akapatsidwa lamulo lomveka bwino, chifukwa limamupeputsira mutu. Kulembedwa pa mndandanda wanga kunali ndi phindu lake. Kamodzi pamwezi kunkabwera galimoto kuchokera ku Boma, itanyamula ndodo, nthawi zina mabulangete, komanso namwino wina wachikulire ndi katoni ya mankhwala a anthu a m'bokosi lachinayi. Galimotoyo inkaima pa bwalo la sukulu ndipo ine ndinkaitana mayina mofuula, bokosi ndi bokosi, msika wonse ukumva. Ndikafika pa bokosi lachinayi ana asukulu ankayamba kutsinana ndi kuseka. Aliyense woitanidwa pamenepo ankachoka ndi mapiritsi m'manja komanso dzina loti wamisala pamutu, ndipo dzinalo silinkachoka.

1991, Mayi Felida

Mayi Felida anabwera mu Febuluwale, misewu itasanduka phala. Anali mayi wamtali, wa mapewa a munthu wozolowera dengu, ndipo ankathyola tiyi pa esiteti ina chapafupi. Amuna awo, a Jowawo, ankasoka nsapato pa msika, ndipo onse anachokera kutsidya nkhondo itangoyamba. Anakhala pa benchi n'kukana kuyamba nkhani mpaka mwini chigayo, amene ankakonda kusuzumira pakhomo panga, atachoka. Kenako anapinda mkono wa juzi n'kundionetsa chipsera chachikulu kuyambira pa chigongono mpaka pa dzanja.

“Ndimagwa ine, alangizi,” anatero motsitsa mawu. “Apa ndinagwera pamoto.”

Anandifotokozera kuti matenda a khunyu anawayamba atangobereka mwana wawo mmodzi yekhayo, Rozina, amene panthawiyo anali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Nthawi zina mwezi unkatha osagwa, nthawi zina ankagwa kawiri pa sabata, ndipo panalibe chizindikiro chowachenjeza. Chaka chapitacho anapita ku chipatala ku Boma kumene anawapatsa timapiritsi ting'onoting'ono toyera, ndipo miyezi itatu imene anamwa timapiritsito sanagwe n'kamodzi komwe. Koma anawauza kuti azikatenga okha mwezi ndi mwezi, ndipo kuchokera kwawo kukafika ku Boma unali ulendo wa tsiku lonse. Kapitawo wa pa esiteti anali atawachenjeza kale za kujomba. Ulendo wachinayi anagwa pamsewu, ndipo atatsitsimuka anapeza anthu atawazungulira patalipatali, palibe anawakhudza, poopa kuti thovu la m'kamwa lingawapatsire matendawo. Kuyambira pamenepo sanapitenso. Tsopano anali atamva kuti namwino wa pa galimoto ija amakhala ndi timapiritsi tomweto m'katoni mwake, ndipo chimene ankapempha chinali chakuti ndiwalembe dzina basi.

Ndinachita monga ndinaphunzitsidwira. Anayenda kukafika pa mtengo wa mango n'kubwerera mwachangu kuposa mmene ine ndikanayendera. Njerwa ananyamula ziwiri nthawi imodzi n'kundifunsa ngati pali yachitatu. Zala anawerenga, kuwomba m'manja anamva, ndipo pa funso la msika anandiwonjezera ndi masiku a misika ina iwiri. Tinaseka tonse. Koma nditabwerera pa tebulo n'kuyang'ana fomu, kuseka kunatha, chifukwa mayi ameneyu sankalowa m'bokosi lililonse. Ndinawauza kuti abwerenso Lachisanu la sabata yotsatira, ndikhale nditafunsa kwa akuluakulu.

Ndinapalasa njinga kupita ku Boma. A Chikopa anandimvetsera mpaka kumapeto, kenako anandifunsa ngati ndinawaona mayiwo akugwa. Ndinati ayi. Anafunsa ngati analephera pena paliponse pa mayeso. Ndinati ayi. Ndiye anati khunyu ndi matenda, eni ake ndi a chipatala, ife ndife a olumala, ndipo tikayamba kulemba odwala mawa tidzalemba a malungo. Nditafunsa za bokosi lachinayi ananena kuti tsiku lina adzabwera okha kudzamufunsa mayiyo funso lija la tsiku la msika, ndipo akadzayankha bwino amene adzafunsidwe kachiwiri ndine. Potuluka ndinakumana ndi namwino uja pakhonde. Nditamuuza nkhaniyi anandikokera pambali n'kundinong'oneza kuti ndingolemba bokosi lachinayi, iye sadzafunsa kanthu, alangizi a madera ena amachita zomwezo ndipo mapiritsi amakwana. Anatinso a Chikopa amaopseza chabe, chifukwa mafuta a njinga yawo sankakwana n'kuyendera dera limodzi kawiri pachaka.

Choncho njira inalipo, ana anga, ndipo ndinkaidziwa. Ndikufuna mumve bwino pamenepa chifukwa kwa zaka zambiri ndinkadzinamiza kuti panalibe chochita. Nthawi imeneyo ndinali ndisanalandire kalata yondikhazikitsa pa ntchito, ndipo mayi anu anali oyembekezera iwe Chimwemwe. Sabata yonse ndinkauza mtima wanga kuti ndikuwateteza Mayi Felida ku manyazi, kuti sindingafuule dzina la munthu wanzeru zake pa bwalo la sukulu pamene mwana wake amaphunzira. Zinali zomveka bwino m'makutu. Koma chenicheni chinali chakuti ndinkaopa a Chikopa, ndipo ndinkaopa kubwerera kumudzi ndi mkazi woyembekezera ndili chimanjamanja.

Lachisanu Mayi Felida anabwera m'mamawa asanapite ku munda wa tiyi. Ndinawafotokozera za mabokosi anayi, n'kuwauza kuti mankhwala aja ndi a bokosi la osokonezeka mutu, ndipo dzina lawo lizidzaitanidwa pagulu. Ndinkayembekezera kuti akana okha, ine ndipeze pothawira.

“Lembani momwemo,” anatero. “Dzina silipha munthu, alangizi. Andiseke, bola mwanaka Rozina asadzandipezenso pamoto.”

Pamenepo m'pamene ndinalankhula mawu amene ndimawamvabe mpaka lero, ndipo ndinawalankhula mokoma, ndikumwetulira, ngati ndikuwapatsa mphatso.

“Mayi, sindingakulembeni misala pamene muli bwinobwino. Ndakuyezani ndekha, mwapambana zonse. Inu ndinu munthu walunga ngati ine ndemwe. Thokozani Mulungu.”

Anandifunsa ngati zimenezo ndi zimene boma likunena. Ndinati eya, ndi zimene pepala la boma likunena. Nkhope yawo inasintha mwa mtundu umene sindinaumvetse tsiku limenelo. Anaimirira, anakonza chitenje, anati obirigadu monga ankanenera anthu a kutsidya pothokoza, n'kumapita. Ndinawalangiza ali pakhomo kuti ayesetse kumapitabe ku chipatala, koma ndikukayika ngati anamva, chifukwa chigayo chinali chitayamba kulira.

M'mwezi wa Juni, tsiku lina Lolemba, mwini chigayo anasuzumira pakhomo monga mwa chizolowezi chake n'kundifunsa ngati ndikukumbukira mayi wamtali wa njerwa ziwiri uja. Anati amupeza dzulo lake kumtsinje atagwa chafufumimba pamene ankachapa, zovala zina zili pa mwala, sopo ali m'manja. Madzi a pamenepo sankafika n'komwe m'akakolo. Panalibe munthu woti angomutembenuza. Maliro anali tsiku lomwelo ndipo mudzi wake sunali patali, koma ine ndinatenga chikwama n'kupalasa njinga kulowera mbali ina, kukayendera munthu wakhungu amene ndinali nditamuyendera kale sabata imeneyo. Kalata yondikhazikitsa pa ntchito inafika mu Ogasiti. Mayi anu anapha nkhuku, ndipo anadabwa kuti ndinangonyema pang'ono n'kusamba m'manja.

1997, Likhubula

Atandisamutsira ku Likhubula ndinaganiza kuti ndasiya nkhaniyi m'mbuyo, koma kumeneko ndi kwa mitsinje yokhayokha, ndipo paliponse pamene ndinkawoloka ndinkapeza amayi akuchapa. Ndinayamba chizolowezi chowerenga ngati ali awiri kapena mmodzi. Fomu inali yomweyo, njinga inali yomweyo itangosintha matayala, ndipo bwana watsopano, mayi wina wa ku Zomba, nkhani yake inali ya chiwerengero. Mwezi uliwonse ankafuna mayina atsopano, ngati olumala amamera ndi mvula.

Kumeneko ndinakumana ndi a Dinala, mmodzi mwa anthu onyamulira alendo katundu pokwera phiri. Mkono wawo wamanzere unathera pa chigongono chibadwire. Nditangowaona mtima unati dzina lapezeka, bokosi lachitatu, popanda n'kuyeza komwe. Ndinawapeza m'mawa pa malo amene amadikirira alendo, ndinadzifotokoza, n'kutulutsa fomu. Anzawo anayamba kuseka ndisanamalize. A Dinala sanakwiye. Anangoloza chikwama cha mlendo chimene chinali pansi n'kundipempha kuti ndiwatukulire, ndipo ine, mwamuna wa manja awiri, ndinachikweza mpaka m'mawondo n'kuchibwezera pansi. Iwo anachikola ndi dzanja limodzi n'kuchiponya kumsana ngati mwana. Ndinawatsatira pang'ono pa njira yokwera ndikuyesa kuwanyengerera, ndikuwauza za mabulangete, mpaka mpweya unandithera n'kukhala pa mwala. Anabwerera kudzaima pafupi nane, chikwama chili kumsana.

“Alangizi, mkono uwu sunandiletsepo kukwera phiri,” anatero. “Chimandiletsa ndi mlendo akandiyang'ana n'kuloza mnzanga. Tsono inu mukandilemba, wogawa maulendo mawa anena kuti pepala la boma likuti Dinala sangathe. Mukhala mwandidula mkono winawu.”

Sindinawalembe, ndipo mwezi umenewo ndinakalipiridwa chifukwa cha chiwerengero. Koma ndili pa mwala paja ndinayamba kuona kupusa kwa ntchito yanga. Fomu inkamufuna kwambiri munthu uyu amene sankasowa kanthu kwa ine, pamene mayi amene moyo wake unali pa kapiritsi kamodzi patsiku inamubweza pakhomo. Zaka zonsezi ndinkayeza thupi la munthu ataima pabwalo panga kwa mphindi khumi, osafunsa zimene zimamuchitikira akachoka pamenepo, kumoto, kumtsinje, pamsewu kapena pamaso pa anthu. Kuyambira ku Likhubula ndinayamba kulemba anthu a khunyu m'bokosi lachinayi akavomera okha, ndipo ndinasiya kuitana mayina mofuula, ndinkangopita pamene munthu wakhala n'kumukodola. Palibe bwana anandifunsapo. Zimenezi zinandipweteka kwambiri, chifukwa zinandionetsa kuti chinthu chimene ndinkachiopa ku Limbuli chinali chaching'ono.

2011, Thuchila

Malo anga omaliza anali ku Thuchila, kumene inu mukukumbukira bwino chifukwa ndi kumene munakulira. Chaka chimenechi, titakhalako kale zaka zingapo, anatiitanira ku maphunziro a sabata imodzi ku Boma. Aphunzitsi ake ena anali eni nkhani, ndipo mmodzi anali mayi woyenda pa njinga ya olumala amene anyamata anayi anachita kumunyamula kuti akwere masitepe a holo imene tinkaphunziriramo. Atafika kutsogolo anatiuza kuti kuchokera kwawo wayenda yekha bwinobwino, ulumali wamupezera pa masitepe athuwo. Anatiphunzitsa kuti tizinena kuti anthu aulumali, munthu kaye patsogolo, n'kutigawira fomu yatsopano ya masamba anayi. Fomuyo sinkafunsa ngati munthu wafika pa mtengo. Inkafunsa zimene zimamuvuta kuchita tsiku ndi tsiku, kuti vutolo latenga nthawi yaitali bwanji, ndi zimene zimamutchinga kumene akukhala. Pa tsamba lachiwiri, pakati pa mavuto osaoneka ndi maso, panalembedwa khunyu, poyera, ndi kabokosi kakekake. Ndinapempha kutuluka ngati ndikupita kukataya madzi, ndinakaima kuseri kwa holo n'kulira, bambo wa imvi. A Chikopa anali atamwalira kale, ndipo sindiwaimba mlandu. Iwo anandiphunzitsa zimene nawonso anaphunzitsidwa, koma amene anakhala maso ndi maso ndi Mayi Felida ndine.

Miyezi ingapo itadutsa kunabwera ku ofesi mayi wina wamtali ndi kamtsikana ka zaka zisanu ndi zinayi, dzina lake Maliya. Mayiyo anali wogulitsa nandolo ndi tomato pa msika wa Thuchila. Anati mwanayo wayamba kugwa, ndipo aphunzitsi amubweza kusukulu poopa kuti apatsira anzake. Ndinayamba kulemba, ndipo nditafika pa funso loti kaya m'banjamo munali wina wa vuto lomweli, anati amama ake, agogo a mwanayo, amene anamwalira kalekale ku Limbuli. Cholembera chinaima chokha. Iye anandiyang'anitsitsa, anayang'ana dzina langa pa chitseko, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono.

“Ndinu a Muhiwa a kuseri kwa chigayo? Ine ndine Rozina, mwana wa a Felida.”

Ndinadikira kuti anditukwane, ndipo ndikanalandira. Koma iye anagwada pansi n'kundigwira dzanja ndi manja awiri. Anati wakhala akufuna kudzandithokoza zaka zonsezi. Anandifotokozera kuti chiyambire matendawo mayi ake sankaloledwa kukhala okha. Akamaphika panali munthu, akamapita kumtsinje iye Rozina ankatsagana nawo, ngakhale zikhale kuti ajomba kusukulu, ndipo mayiwo zinkawawawa kwambiri kulondedwa ngati khanda. Tsiku lija atachoka ku ofesi kwanga anafika kunyumba akuyimba. Anauza a Jowawo ndi anthu oyandikana nawo kuti a boma awayeza, apambana zonse, ndipo pepala lanena kuti ndi munthu walunga. Kuyambira pamenepo anakana kuperekezedwa. A Jowawo atayesa kutsutsa anafunsidwa ngati amadziwa zambiri kuposa boma, ndipo anangowaleka. Rozina anati miyezi inayi imeneyo ndi imene anawaona mayi ake ali osangalala kuposa nthawi ina iliyonse, akuyenda mutu uli m'mwamba, akukhala kutsogolo m'tchalitchi, ndipo ndinali ine ndekha amene ndinawalankhulapo ngati munthu.

Kenako anatsitsa mawu kuti mwana asamve. Anati tsiku la ngoziyo linali Lamulungu masana, ndipo iye anali ndi mayeso m'mawa mwake. Anaona mayi ake akusenza beseni, anaimirira kuti awatsatire, koma iwo anamuuza kuti akhale awerenge. Iye anakhala.

“Ndikanangopita nawo, bambo,” anatero. “Kungowatembenuza basi. Ndinawapha ndine amama, ndi kope langa lija.”

Ana anga, pamenepo panali poti ndilankhule. Panali poti ndimuuze kuti mayi ake sanabwere kwa ine kudzayezedwa, anabwera kudzapempha mankhwala, ndipo anavomera kutchedwa wamisala pa bwalo la sukulu yake kuti iye asadzawapezenso pamoto. Panali poti ndinene kuti mapiritsi analipo m'katoni, namwino anali atavomera, ndipo amene anakana ndine chifukwa cha kalata ya ntchito. Koma ndinayang'ana nkhope yake yondithokoza ija, ndipo mantha omwe aja a ku Limbuli anandigwiranso, ngakhale panalibenso bwana woti ndimuope. Ndinangonena kuti zonse ndi chifuniro cha Mulungu, asamadziimbe mlandu. Ndinamaliza fomu ya Maliya, ndinalemba kalata yopita kwa aphunzitsi, ndipo mawa lake ndinapita ndekha kusukuluko kukafotokoza kuti matendawa sapatsirana. Mwanayo anabwerera m'kalasi ndipo mankhwala ankalandira mwezi ndi mwezi. Rozina ankabwera ndi kambale ka nandolo nthawi ya kukolola, ndipo inu munadya nandolo ameneyo osadziwa kanthu.

2020 mpaka lero

Ndinapuma pa ntchito mu 2020. Pa phwando lotsanzikana anandiyamikira kuti ndinali munthu wa chilungamo amene sanalembepo bodza pa fomu, ndipo ndinangoweramitsa mutu, anthu n'kumaganiza kuti ndi kudzichepetsa. Achinyamata amene analowa m'malo mwathu amabwera nthawi zina kudzandifunsa kuti ulumali n'chiyani kwenikweni, poti mabuku awo amanena zambiri. Ndimawauza kuti ine ndinakhala zaka zambiri ndikudziwa yankho, ndipo nthawi imeneyo ndi imene ndinalakwitsa kwambiri. Ndimawauzanso kuti munthu akabwera kudzapempha thandizo asathamangire kumuuza chimene iye ali, ayambe amufunsa chimene akuopa akabwerera kunyumba, chifukwa mawu a munthu wa mu ofesi amalemera kumudzi kuposa mmene mwini wake amaganizira.

Madzi akatayika saoleka, ndipo Mayi Felida sindingawabwezere kanthu. Koma Rozina alipo. Akugulitsabe pa msika wa Thuchila, pa mzere wa tomato chakumapeto, ndipo tsopano nayenso imvi zayamba. Wasenza mlandu wanga kuyambira ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo ine ndamuona akuusenza n'kumalandira nandolo wake. Kawiri konse chaka chathachi ndinavala jekete kuti ndipite, n'kubwerera ndili pa siteji. Ndekha ndalephera, n'chifukwa chake ndalemba, kuti inu mudziwe ndipo ndisowe pothawira. Iwe Luka, ukabwera pa Khirisimasi undiperekeze, ndipo ndikayamba kunena kuti bondo likuwawa usandimvere. Ngati Mulungu anditenga tsikulo lisanafike, mutenge masamba awa mukamuwerengere Rozina, osadumpha mzere ngakhale umodzi. Akakwiya musamutonthoze ndipo musandiikire kumbuyo. Mungoonetsetsa kuti wamva kuti tsiku lija sanalakwe kukhala pakhomo n'kumawerenga.